Kuseri kwa Matabwa

Tsiku lililonse ikakwana thwelofu koloko, mwamuna wa telala ankatulukira pangodya ya msewu, pensulo ili pakhutu, utuchi uli m'nsidze, n'kudzakhala pampando wa makasitomala pakhonde pamene mkazi wake ankasokera zovala. Ankadyera pamodzi, mbale ili pathebulo la makina. Odutsa ankati ndi chikondi. Chikondi chinalipo, koma nkhani yeniyeni inali yoti masana ndiyo inali nthawi yoopsa. Kale anzake a kushopu ya matabwa akamapita kukadya, iye ankapita kukanyowetsa kukhosi, ndipo kukhosi kwake kukangonyowa sikunkadziwa polekezera. Choncho atasiya mowa anapangana ndi mkazi wake kuti thwelofu izimupeza pakhonde paja. Kwa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi.

Koma Lachinayi lina sanabwere.

Telala anayang'ana pangodya paja mpaka khosi linamuwawa. Anayimba foni kamodzi, inalira mpaka kuduka yokha. Sanayimbenso. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati zinali zitamuphunzitsa tanthauzo la foni yolira osayankhidwa. Anavundukula mbale n'kudya mbali yake ya mpunga, akutafuna ngati akutafuna munthu.

"Lero alamu sakubwera?" anafunsa mayi wogulitsa zipatso pakhonde loyandikana nalo.

"Atanganidwa."

"Eee," anatero wazipatso, ndipo "eee" wakeyo anali wautali moti munthu akanatha kuyanikapo zovala.

Telala anapsa mtima. Anapsera mtima mwamuna wake, anapsera mtima wazipatso, anadzipsera mtima yekha chifukwa chokhala chitsiru chokhulupirira malonjezo. Anakoka diresi la kasitomala n'kuyamba kupondaponda makina ngati makinawo ndi amene amulakwira. "Akamwe," ankatero mumtima. "Akamalize wonse, asasiyeko ngakhale dontho. Ine sindine mbusa woti ndizilondola ng'ombe kudambo." Anapinda m'munsi mwa diresi, anaika zipi, anasoka mabatani asanu ndi limodzi. Atadzutsa mutu inali itakwana fili koloko. Ananyamuka, koma tisamukometsere, sananyamuke chifukwa cha nkhawa. Mawu amene ankafuna kukamulalatira anali atadzaza m'kamwa, akusowa pothira.

Shopu ya matabwa inali kuseri kwa malo ogulitsira matayala, mtunda wa mphindi khumi wapansi. Ankapangamo zitseko, mabedi ndi makabati. Atalowa anapeza makina ochekera akulira, wailesi ikulira kuposa makinawo. Jekete la mwamuna wake linali pamsomali pake. Pabenchi pake panali chitseko chosamaliza, puleni yopalira matabwa ili pamwamba, pambali pali kapu ya tiyi womwa theka. Mlendo akanati mwini wake wangotuluka kumene. Koma telala sanali mlendo, ndipo atangoona kapu ija anadziwa chimene chachitika.

Anthu a m'shopumo ankamukonda mwamuna wake, tisawanamizire. Ankamutcha Kabotolo, dzina limene anamupatsa zaka za kumwa zija, ndipo iye atasiya mowa dzinalo silinamusiye. Anali ndi njira yawo yomuthandizira. Akaledzera pantchito ankamunyamula awiri n'kukamugoneka pamakatoni kuseri kwa mulu wa matabwa aawisi, amene ankawayanika kumapeto kwa shopu. Kenako ankapachika jekete lake, kuika puleni pathabwa, kuthira tiyi m'kapu. Bwana akatuluka mu ofesi n'kufunsa, ankati wapita kukataya madzi. Pakati pawo ankati "tamuyanika", ngati thabwa, kuti aume. Njira imeneyi inamusungira ntchito zaka zambiri, ndipo ankainyadira kwabasi.

Kapitawo, bambo wadazi wokhala ndi tepi yoyezera m'chiuno, anamuchingamira akumwetulira ngati munthu wosunga chinsinsi chabwino.

"Alamu, tsitsani mawu, bwana ali mu ofesi. Musadandaule, zonse takonza."

"Ali kuti?"

"Tamuyanika. Zimachitika izi, alamu. Chaka ndi miyezi yonseyi si masewera, anayesetsa mnzathuyu."

Telala anazungulira mulu wa matabwa uja, mawu ake onse ali chire pamilomo. Atangomuona, mawuwo anabwerera m'mimba.

Pankhani ya kuledzera kwa bambo ameneyu, telala anali ndi digiri. Ankadziwa kuti akaledzera amayamba wavula nsapato, ngakhale pamsewu, n'kuziika mwaulemu pambali. Amagona cham'mbali, dzanja lili kutsaya, mkonono uli pakati. Ukamudzutsa amapepesa. Amapepesa mkazi wake, amapepesa chitseko, amapepesa galu wa eni ake. Koma munthu amene anali pamakatoniyu anali ndi nsapato kuphazi. Anali chagada, maso ali otsegula. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, dovu likuyenderera mpaka m'khutu. Buluku linali litanyowa n'kuyambanso kuuma. Dzanja lamanzere linali pathabwa, zala zitasupuka, pamene lamanja linali litangoponyeka ngati si lake. Ataona mkazi wake anayesa kuyankhula, koma chimene chinatuluka ndi "aa, aa" basi, misozi n'kutsika.

Telala anagwada pautuchi. "Bambo a mapasa, ndigwireni dzanja."

Lamanzere linamugwira. Lamanja analinyamula yekha, ndipo atalisiya linagwa ngati nsanza yonyowa.

"Anagwa nthawi yanji?"

Anayankha ndi wavanishi, bambo wochepa thupi amene anawatsatira ali ndi bulashi m'manja. "Cha m'ma teni. Amalemba chitseko, pensulo inagwa. Anawerama kuti atole, zala zikungophonya. Titamufunsa, lilime linali litalemera kale. Kenako anadzandira mpaka pansi khu! Kunena zoona tinaseka. Tinati Kabotolo wabwerera kwawo."

"Teni? Munthu wagona pano kuyambira teni?"

"Timamuzonda, alamu. Tinamuikira ndowa, tinamuwaza madzi kumaso. Atayamba kugogoda pathabwa tinangokweza wailesi kuti bwana asamve."

Telala anayang'ananso zala zosupuka zija. Maola asanu munthu akugogoda kuti anzake abwere, anzakewo n'kumamukwezera nyimbo. Mkwiyo umene anabwera nawo unali wokwanira munthu mmodzi, koma apa unafufuma n'kudzaza shopu yonse.

"Uyu sanaledzere, wadwala! Zimitsani chiwailesi chanucho! Maso amenewo ndi okongoletsa nkhope? Pakamwa apa simukupaona?"

"Koma akununkha, alamu," anatero kapitawo motsitsa mawu. "Tanunkhizani nokha."

M'shopu monsemo munkanunkha sipiriti, guluu ndi vanishi, moti ngakhale m'busa akanalowamo akanatuluka akununkha. Telala sanaweramitse mphuno. "Sanamwe. Ndikukuuzani ine mkazi wake, sanamwe."

Kapitawo anavomera kuti apite naye kuchipatala, koma anati amutulutsire kukhomo la kuseri kuti bwana asaone. Mpaka pamenepo bamboyo ankasungabe ntchito ya munthu amene moyo wake unkachucha ngati madzi m'ndowa yobooka. Telala anadzuka, anagwira thabwa lapamwamba pa mulu uja n'kulikankhira mbali inayo. Linatsetsereka ndi anzake anayi, phokoso lake mpaka wogulitsa matayala anasuzumira pazenera. Bwana anatuluka foni ili kukhutu, anayang'ana munthu wogona pamakatoni, n'kungoti, "Ndinadziwa ine." Anabwerera mu ofesi n'kutseka chitseko.

Anamugoneka pachitseko chake chosamaliza chija n'kumutulutsira kukhomo lakutsogolo, kapitawo kumutu, wavanishi kumiyendo, telala atagwira nkhope kuti isagwere mbali.

Watakisi woyamba anaima, anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Awa andisanzira m'galimoto. Asiyeni agone, mawa adzuka ndi matsire basi." Anaponda mafuta n'kupita. Anthu anayamba kusonkhana, pajatu munthu wogona pamsewu ndi kanema waulere. Wina anati, "Masanasana ano!" Wina anati, "Azimayi enatu amapirira." Wina anali atatulutsa kale foni, akujambula uku akuseka. Panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti bamboyu watani, chifukwa aliyense ankadziwa kale yankho.

Wachiwiri ataima, telala anagwira chitseko cha galimoto dalaivala asanatsegule pakamwa.

"Ndi wodwala, bambo. Sanamwe. Anasiya kalekale, ndikulumbira pali ana anga awiri."

Dalaivala anamuyang'ana, anayang'ana buluku lonyowa lija, kenako anati ayale katoni pampando. Ali m'njira, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo pake, telala anazindikira kuti mawu akuti "sanamwe" ndiwo anali tikiti. Ukawanena chitseko chimatseguka, ukapanda kuwanena munthu wako amasanduka katundu wonyansa. Anawasunga pafupi, podziwa kuti awafunanso.

Kuchipatala anafika folo koloko itangodutsa, kapitawo ndi wavanishi ali nawo limodzi. Mzere unali wautali, ndipo namwino wolandira odwala anali ndi nkhope ya munthu amene sanakhale pansi kuyambira m'mawa. Telala anadutsa mzerewo n'kuyamba kufotokoza za pakamwa ndi dzanja. Namwino anali atayamba kulemba. Pamenepo wavanishi, pofuna kuonetsa kuti nayenso ndi wothandiza, anasendera pafupi.

"Ndi mnzathu wa kuntchito, asisitala. Munthu wabwino kwambiri, kungoti ali ndi kavuto kake ka botolo."

Cholembera chinaima. Namwino anadzuka, anawerama pang'ono pamene wodwalayo anali, anakoka mpweya kamodzi n'kuwongoka.

"Kamugonekeni pabenchi yakumapeto uko. Mowa uyambe watsika."

"Asisitala, sanamwe. Taonani pakamwa pake."

"Mayi, aliyense amene amabwera ndi munthu wotere amati sanamwe. Kuno tili ndi ana akubanika, tili ndi ovulala pangozi. Ayambe athandizidwa amene sanadzichititse okha."

Benchi yakumapeto inali pafupi ndi zimbudzi, pamene wokolopa ankasiya ndowa zake. Panali kale bambo wina wachikulire, bala lili pachipumi, magazi ataumira m'ndevu, akununkha mowa moti ntchentche zikanaledzera. Anali yekha, analibe womulumbirira. Telala atamuona anabwerera kwa namwino.

"Mwamuna wanga musamuike pamodzi ndi zidakwa! Si mtundu umenewo!"

Anakuwa moti chipinda chonse chinamva. Wachikulire uja anamva, anangoweramitsa mutu. Mwamuna wake nayenso anamva, chifukwa makutu ake anali amoyo, ndipo anatseka maso. Telala anaona zimenezo, koma analibe nthawi yoziganizira.

Pakhoma panali wotchi yaikulu. Anaiyang'ana ikudya mphindi khumi, makumi awiri, makumi anayi. Anapita kwa namwino katatu, ndipo katatu konse anauzidwa kuti adikire. Kapitawo ndi wavanishi anaima chapatali, manja ali kumbuyo, ngati anthu obwera kudzaonerera. Kupuma kwa mwamuna wake kunayamba kumveka mwachilendo, ngati munthu womwa tiyi wotentha.

Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Telala anali atakamutengapo mwamuna ameneyu m'ngalande, kupolisi, ngakhale pakhomo pa tchalitchi anthu akutuluka m'mapemphero. Manyazi anawamaliza kalekale, analibe otsala oti awasunge lero. Choncho dokotala wina, mayi wamfupi wamagalasi, atatuluka m'chipinda akupukuta m'manja, telala anathamanga n'kugwira mkono wa khoti lake loyera. Mlonda anayamba kubwera akukuwa.

"Mundimange mukamaliza," anatero telala osasiya khoti. "Koma muyambe mwamuona mwamuna wanga."

Dokotala anayang'ana dzanja limene linamugwira, kenako anayang'ana kumene linzake linkaloza. Nkhope yake inasintha asanafike n'komwe pabenchi.

"Bambo, tamwetulirani." Mbali imodzi yokha ya pakamwa ndi imene inayesa. "Kwezani manja onse awiri." Linakwera limodzi. "Zayamba nthawi yanji?"

"Teni."

"Teni ya m'mawa?"

Dokotala anayang'ana wotchi ija, anayang'ana namwino. Kenako zinthu zimene zinakanika kwa maola asanu ndi awiri zinachitika m'mphindi zitatu. Machira anabwera akuthamanga, wina anamanga lamba woyezera bipi, namwino yemwe uja ndi amene anathamanga ndi diripi. Pochoka, dokotala analoza wachikulire wa bala uja n'kunena kuti nayenso alowe, amusoke. Kunalitu machira m'chipatalamo nthawi yonseyi.

Atamujambula mutu anamugoneka pabedi la pafupi ndi zenera. Dzuwa linali litapendeka, likuwomba pakhoma. Telala anakhala kumanzere, atagwira dzanja lamoyo lija, ndipo dokotala anakoka mpando.

"Ndi sitiroko, mayi. Magazi anaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo. Moyo ndikukhulupirira kuti tiupulumutsa. Kuyankhula kukhoza kubwerera pang'onopang'ono. Koma dzanja lamanja sindikulonjezani."

"Ndi kalipentala, adokotala."

"Ndaona zikhatho zake." Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Pali mankhwala osungunula magazi oundanawo, koma timapereka m'maola anayi oyambirira, kupitirirako pang'ono chabe. Nthawi imeneyo ikadutsa timaopa, chifukwa akhoza kupha munthu. Inu mwandipeza patatha maola asanu ndi awiri."

Telala anawerenga chamumtima. Teni, leveni, thwelofu, wani, thu. Thwelofu mbale inali pathebulo, iye akuyang'ana pangodya. Thu koloko ankaika zipi. Kuchokera pakhonde pake kukafika kushopu ndi mphindi khumi. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anasowa womukalipira.

Dokotala anatembenukira kwa wodwala. "Bambo, ndikufunsani mafunso angapo. Ngati yankho ndi inde, finyani dzanja la mayiwa. Awa ndi akazi anu?"

Dzanja linafinya. "Afinya," anatero telala.

"Mutu ukupweteka?"

"Afinya."

"Munauzidwapo kuti muli ndi bipi?"

Dzanja linangokhala. "Ayi."

"Lero mwamwa mowa?"

Telala anatsegula pakamwa kuti atulutse tikiti yake ija. Asanatero anamva zala zikusuntha m'chikhatho mwake. Zinayamba mozengereza, kenako zinafinya, ndipo zinafinya mwamphamvu kuposa poyamba paja. Mwamuna wake ankayang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu.

Panalibe wina amene anamva kufinyako koma iye yekha. Akanatha kunena kuti ayi, ndipo nkhaniyo ikanathera m'chikhatho mwake. Anali atalumbira kwa kapitawo, kwa watakisi, kwa namwino, mpaka kutchula ana ake. Tsopano munthu amene ankamulumbirirayo, wopanda lilime, wopanda dzanja, ndiye amene anakana kunama. Zinamupweteka ngati wamuponda pabala, ndipo anafuna kulitaya dzanjalo.

"Afinya?" anafunsa dokotala.

"Afinya."

Anadikira kuti cholembera chiime, kuti nkhope ya dokotala isinthe ngati mmene zinasinthira nkhope zonse za tsikulo. Cholembera sichinaime. Dokotala analemba mzere umodzi pansi pa wa bipi, ndi inki yomweyo, n'kufunsa ndi mawu omwewo ngati wamwa wambiri. Dzanja linangokhala. Anafunsa ngati anayambiranso masiku apitawa. Linafinya.

"Mwachita bwino kundiuza, bambo. Tikupatsani mankhwala oti thupi lisavutike likayamba kuufuna. Kubwerera ku mowa kumachitika, ndi mmene matenda amenewa alili. Mukakhala bwino tidzakambirana zimenezo."

"Ndiye mowawo ndi umene wachititsa?" anafunsa telala.

"Zaka za kumwa zimawononga mitsempha, zimenezo sindingabise. Koma m'chipinda muno mwagona anthu amene sanaulawepo chibadwire. Chimene chachititsa sindinganene motsimikiza. Chimene ndikudziwa ndi maola amene atayika."

Kapitawo ndi wavanishi anali pakhonde la chipatala. Atamuona anaimirira.

"Zili bwanji, alamu?"

"Ndi sitiroko. Dzanja lamanja lafa."

Onse awiri anayang'ana pansi. Kapitawo anatulutsa tepi yake n'kuibweza, anaitulutsanso n'kuibweza. Kenako anafunsa chimene chinkamudya kwenikweni.

"Nanga mowa, alamu? Amupeza nawo?"

Telala anawayang'ana. Akanawauza kuti ayi, akanawasenzetsa mwala woti auyende nawo mpaka kumanda, ndipo mtima wake unalakalaka kutero. Koma bodza limenelo anali atatopa nalo.

"Anamwa. M'mawa, pang'ono."

Anaona mapewa a amuna awiriwo akutsika. Wavanishi anatulutsa mpweya wautali. Kapitawo anatsala pang'ono kumwetulira.

"Mwaonatu, alamu. Ndiye kuti ife sitinalakwe kwenikweni. Mphuno zathu sizinaname."

Zonse zimene telala anaona tsiku limenelo, wailesi, katoni pampando wa takisi, benchi ya kuzimbudzi, palibe chimene chinamuotcha ngati kutsika kwa mapewa kumeneko.

"Mwapuma, eti? Mitima yakhala pansi? Ndiye kuti akanakhala kuti sanamwe mukanakhala ndi mlandu, koma poti anamwa, dzanja lake ndi lotaya?"

"Alamu, sitikutanthauza choncho."

"Khalani chete, lero muyankhula ine ndikamaliza. Inu akapitawo, chaka chatha makina atakuchekani, si inu nomwe munachotsa chotchingira mpeni kuti ntchito ifulumire? Shopu yonse ikudziwa. Alipo anakufunsani ngati munadzichititsa nokha? Alipo anakugonekani pamakatoni kuti muyambe mwaphunzira nzeru? Anakumangani ndi shati yake ndi mwamuna wanga yemwe uja, n'kuthamanga nanu kuno, iye ali chifuwa pamtunda. Chala chimenecho mukukokera tepi lero chifukwa panalibe amene anakununkhizani."

Anthu pakhondepo anali atasiya nkhani zawo. Telala sanatsitse mawu.

"Munthu amagogoda. Ngakhale akanakhala kuti wamwa mgolo wonse, munthu akamagogoda umapita kukaona. Woledzera sadwala? Woledzera alibe mitsempha? Inu munaona chidakwa, watakisi anaona masanzi, asisitala anaona wodzichititsa yekha. Ndipo musaganize kuti ine ndikudzichotsamo. Thwelofu sanabwere, ine ndinadziwa kuti pali china chake, koma ndinakhala pamakina mpaka fili ndikuti akamwe amalize. Mkazi wake weniweni! Tsiku lonse ndakhala ndikulumbira bodza, kutchula ana anga, kuti anthu amuone ngati munthu. Ndafika potukwana bambo wa eni ake pabenchi, wosandilakwira kanthu, kuti wanga aoneke woyera."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mwaukali, chifukwa sankafuna kulira pamaso pa anthu amenewa.

"Tinkafuna kumusungira ntchito," anatero wavanishi chapansipansi.

"Mwamusungira. Akaigwire ndi mano." Anatembenuka kuti alowe, kenako anaima. "Mawa mukamuuze bwana wanu kuti anamwa, mukamuuzenso kuti anadwala. Mukanene zonse ziwiri, musasiyeko chimodzi. Ndipo dzina mumamutchula lija ndisadzalimvenso. Mayi ake anamupatsa dzina."

Atabwerera m'chipinda anapeza namwino uja akukonza diripi. Namwinoyo sanamuyang'ane kumaso. Anangonena motsitsa kuti asamupatse madzi kapena chakudya mpaka atamuyesa kumeza, ndiponso kuti azikhala kumanja kwa bedi, mbali yakufayo, kuti wodwala aziyesetsa kutembenukirako. Anamuonetsa mmene angamapindire zala ndi kuziwongola kuti zisaume. Telala anamvetsera zonse, koma zikomo sanamupatse, analibe.

Ananyamula mpando n'kuzungulira bedi. Mwamuna wake anathawitsa maso, akuyang'ana kukhoma.

"Ayi, yang'anani kuno. Mwamva zimene anena asisitala."

Maso anabwera pang'onopang'ono, odzaza manyazi.

"Musandiyang'ane choncho. Mukuganiza kuti ndakukhululukirani? Ayi ndithu. Masiku onsewa mumakhala pakhonde panga, kudya mpunga wanga, mukudziwa kuti mwayambiranso, osandiuza. Munkaopa chiyani? Kuti ndikuwa? Ndikanakuwadi, kenako tikanaona chochita. Ndakwiya, bambo a mapasa. Ndakwiya moti ndikhoza kukumenyani ndi pilo ameneyu. Inunso muli ndi zanu zoti mundiuze, ndikudziwa, munamva zimene ndinakuwa pabenchi paja. Koma ine sindikangana ndi munthu wosayankha. Muchire, pakamwa apa pawongoke, mudzandiyankhe. Tidzakangana bwinobwino ngati anthu."

Mwamunayo anatulutsa kamawu kosamveka, mbali yamoyo ya pakamwa ikunjenjemera. Telala anatenga dzanja lamanja lija n'kuliika pamiyendo pake. Linali lolemera, lozizira, lodzaza zipsera za ntchito. Anapinda chala chachikulu n'kuchiwongola, anapita pa chachiwiri, mpaka kukafika pa chaching'ono. Palibe chimene chinamuyankha. Anayambiranso pa chachikulu.